Mwana wa diresi labuluu

Kunyumba kwa mayi anga kuli chithunzi changa chimene sindifuna kuti alendo azichiona. Ndinali ndi zaka zisanu. Anandiveka suti yakuda yobwereka, manja ake anawapinda kawiri, tayi inafika m'mawondo. Kumbuyo kwanga kuli nsalu ya ku situdiyo yojambulidwa nyumba yosanja ndi maluwa, nyumba imene sitinagonemo ndi tsiku limodzi lomwe. Mayi amati wojambula anandiuza kuti ndisagwedezeke, ine n'kungouma gwa ngati chitsa. Anatsukitsa ziwiri. China anasunga, china anatumiza kwa bambo omwe nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku Joni. Ndazindikira nditakula kuti chithunzicho chinali kalata. Chinkanena kuti mwana wanu ali bwino, ndalama zanu zikugwira ntchito, musatiiwale.

Ndinachikumbukira sabata yatha usiku, ndikuyang'ana pa foni zithunzi zopenta pamanja za Diego Velázquez, katswiri wa ku Spain wa m'zaka za m'ma 1600. Ndinaima pa kamtsikana kena ka tsitsi loyera, kovala diresi labuluu lotambalala ngati tebulo. Nkhope yake ndinaizindikira nthawi yomweyo. Ndi nkhope ya mwana amene wauzidwa kuti asagwedezeke chifukwa chithunzicho chikupita kutali.

Lero ndikufuna tiyende limodzi pa zithunzi za ana a mafumu a ku Ulaya. Anthu ambiri akaziona amangoti, "Eee, koma ana awa ankavala ngati nkhalamba," n'kupitirira. Koma chilichonse chimene mwanayo wavala, wagwira kapena waima nacho pafupi chinaikidwa dala, ndipo anthu a nthawi imeneyo ankachiwerenga ngati mmene ife timawerengera nambala ya galimoto la boma.

Kamtsikana ka pakati pa chipinda

Dzina lake ndi Margarita Teresa. Anabadwa mu July 1651, bambo ake anali Philip IV mfumu ya Spain, mayi ake Mariana wa ku Austria. Ngati munaonapo chithunzi chotchuka chija cha Las Meninas, chomwe chili ku Prado mumzinda wa Madrid, ndiye kuti mumamudziwa kale. Velázquez anachijambula mu 1656, mwanayo ali ndi zaka zisanu. Ndi chithunzi chachikulu, kutalika kwake kupitirira mamita atatu, ndipo muli anthu ambiri, koma kuwala kwagwera pa iye.

Taonani mmene amuzungulira. Mtsikana wina wagwada pansi, akumupatsa madzi m'kachikho kofiira kadothi. Wina kumbali inayo wawerama mwaulemu. Atsikana awiriwa si antchito wamba ayi, ndi ana a mabanja olemekezeka, ndipo kugwadira mwana wa mfumu unali mwayi woti makolo awo ankaulimbirana. Chakumanja kuli Mari Bárbola ndi Nicolasito Pertusato, anthu obadwa aafupi msinkhu omwe ankasungidwa kunyumba yachifumu, ndipo Nicolasito waponda galu wamkulu amene akuwodzera. Bambo ndi mayi a mwanayo akungooneka mwachimbuuzi m'galasi la pakhoma lakumbuyo.

Diresi limene wavala lili ndi chimango m'kati, chotchedwa guardainfante, chimene chinkalitambasula m'mbali zonse ziwiri. Munthu wovala chimenechi sangathamange, sangakhale pansi n'kumaumba ng'ombe zadothi, ngakhale kulowa pakhomo laling'ono amachita kupendekeka. Manja sagwa m'mbali mwa thupi, amangogona pamwamba pa diresi. Uthenga wake ndi womwewo: mwini thupi ili sadzagwirapo ntchito, ena adzamugwirira. Kachikho kofiira kaja nakonso kali ndi nkhani. Ankakatcha búcaro, ndipo azimayi olemera a ku Madrid ankabenthula tizidutswa take n'kumatafuna, poganiza kuti dothilo limayeretsa khungu. Ife amene tinaona azimayi oyembekezera akudya dothi la pachulu sitingadabwe kwenikweni, kungoti kumeneko zinali za ulemerero.

Nanga n'chifukwa chiyani kamwana ka zaka zisanu kanali kofunika chonchi? Yankho lili pa mwana wina amene palibe pachithunzipo.

Mnyamata pa hatchi

Philip IV anali ndi mwana wamwamuna mwa mkazi wake woyamba, dzina lake Baltasar Carlos, wobadwa mu 1629. Cha m'ma 1635 Velázquez anamujambula atakwera hatchi yonenepa imene yaimika miyendo yakutsogolo m'mwamba. Mnyamatayo ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, koma wagwira ndodo ya mkulu wa asilikali, lamba wansalu akuuluka ndi mphepo, nkhope ili phee ngati palibe chikuchitika. Aliyense wa nthawi imeneyo ankadziwa tanthauzo lake: amene akutha kuweta hatchi yolusa ndi dzanja limodzi adzathanso kuweta dziko. Chithunzichi anachipachika pamwamba pa chitseko m'holo yaikulu ya nyumba yachifumu ya Buen Retiro, pakati pa zithunzi za bambo ndi mayi ake, onse ali pa mahatchi. Kazembe aliyense wolowa m'holomo ankatuluka akudziwa kuti mpando wa Spain uli ndi wodzaulowa.

Si ku Spain kokha kumene ankachita zimenezi. Ku England, pafupifupi zaka 100 m'mbuyo mwake, Hans Holbein anajambula Edward, mwana wa Henry VIII, ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi yowerengeka, n'kupereka chithunzicho kwa mfumu ngati mphatso ya chaka chatsopano cha 1539. Khandalo lavala zofiira ndi zagolide, chipewa cha nthenga kumutu. Dzanja lina lakwezedwa ngati likudalitsa anthu, lina lagwira kachisekese kagolide koseweretsa ana, koma mmene lakagwirira mungati ndi ndodo yachifumu. M'munsi muli mawu a Chilatini olangiza mwanayo kuti atsanzire bambo ake. Tangoganizani, kulembera malangizo munthu woti sanayambe n'kuyankhula komwe. N'zachidziwikire kuti owerenga ake anali akuluakulu, makamaka Henry mwini wake, yemwe anali atakwatira katatu pofunafuna mwana wamwamuna ameneyu.

Ku England komweko kuli nkhani imene imandiseketsa. Masiku amenewo anyamata aang'ono ankavala madiresi ngati atsikana mpaka atafika zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, ndipo tsiku lovala buluku koyamba linali lachikondwerero m'banja. Mu 1635 Anthony van Dyck anajambula ana atatu a Charles I, ndipo wamkulu, Charles wamng'ono, anamujambula ali m'diresi lake laubwana. Zinamveka kuti mfumu sinakondwe. Van Dyck anajambulanso china, mnyamatayo atavala buluku. Pofika 1637, pa chithunzi cha ana asanu, Charles waima pakati, dzanja lake lili pamutu pa chigalu chachikulu choti chikanatha kumugwetsa ndi mchira wokha. Ndi nkhani ija ya hatchi, yangosintha nyama.

Tsono nazi zimene zinachitika. Edward analowa ufumu ali ndi zaka 9, n'kumwalira mu 1553 ali ndi zaka 15. Charles I anadulidwa mutu mu January 1649, ndipo mnyamata wa galu uja anakhala zaka zambiri ali wothawa kwawo asanabwerere pampando mu 1660. Baltasar Carlos anadwala ku Zaragoza mu 1646 n'kumwalira ali ndi zaka 16. Zithunzi zija zinkalonjeza zinthu zimene palibe munthu akanatha kuzitsimikiza.

Baltasar anasiya chibwenzi cha chitomero, msuweni wake Mariana. Poona kuti mpando watsala wopanda mwana wamwamuna, Philip IV anakwatira yekha mtsikanayo mu 1649, iye ali ndi zaka 44, Mariana 14. Ndipotu Mariana anali mwana wa mlongo wake weniweni wa Philip. Margarita Teresa ndiye mwana woyamba wa ukwati umenewu. Pamene Las Meninas inkajambulidwa, mfumu inalibe mwana wamwamuna wamoyo, ndipo ku Spain ufumu unkatha kudutsira mwa mwana wamkazi. Choncho wodzakwatira kamtsikana aka akanatha kudzagwira Spain, mbali ya Italy, ndi migodi ya siliva ya ku America.

Makalata opita ku Vienna

Banja la Habsburg linali ndi nthambi ziwiri, ina ku Madrid, ina ku Vienna, ndipo ankakwatirana okhaokha kuti chuma ndi mayiko zisatuluke pakhomo. Margarita anamukonzera Leopold, amene anakhala mfumu yaikulu ku Vienna mu 1658. Leopold anali mchimwene wa mayi ake. Inde, mwamva bwino: atsibweni ake enieni, amalume. Kwathu kuno munthu ameneyu ndi mwinimbumba, amene amakakhala pa nkhani za ukwati wako n'kumaweruza. Kumeneko mkwati anali yemweyo.

Ku Vienna ankafuna kuona mmene mwanayo akukulira, ndiye zithunzi zinkapita. N'chifukwa chake zithunzi zitatu zabwino kwambiri za Margarita lero zili ku Vienna, m'nyumba yosungiramo zaluso ya Kunsthistorisches, osati kwawo ku Madrid. Pa choyamba ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu, wavala diresi la pinki, dzanja latsamira tebulo pamene pali maluwa m'kabotolo. Pa chachiwiri ali ndi zaka zisanu, wavala loyera. Chachitatu ndi cha 1659, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndi chija cha diresi labuluu.

Mukaziika pamodzi pa foni n'kumazisuntha ndi chala, mumaona chinthu chowawa. Pa choyamba pali khanda la masaya, mungathe kulinyamula. Pa chachitatu diresi lakula kwambiri moti ladzaza chithunzi chonse m'lifupi, ndipo mwanayo watsala kamutu kakang'ono pamwamba pa phiri la nsalu. Nsaluyo Velázquez anaipenta mokoma zedi, mizere yasiliva ikuchita kunyezimira. Koma maso a mwanayo ndi otopa. Sindikunena kuti wojambulayo ankatsutsa mfumu, ayi, anali wantchito wokhulupirika amene anakhala kunyumba yachifumu zaka zoposa 35. Kungoti anali ndi diso loona zimene zili patsogolo pake, ndipo patsogolo pake panali mwana amene waima nthawi yaitali.

Olandira chithunzicho ankayang'ana zawo. Kodi ali ndi thanzi? Thupi lili lowongoka? Adzatha kubereka? Kunena mosabisa, chinali ngati chikole choyenda chobwerera: umboni woti lonjezo lidakalipo, katundu akusamalidwa.

Zithumwa pa diresi la mwana wa mfumu

Chithunzi chimene chimandigwira mtima koposa chinapita ku Vienna chaka chomwecho cha 1659. Ndi cha mchimwene wake wa Margarita, Felipe Próspero, mwana wamwamuna amene Spain yonse inkamudikirira, wobadwa mu November 1657. Apa mulibe hatchi, mulibe ndodo ya asilikali. Muli kamwana ka zaka ziwiri, kotumbuluka, kovala diresi lofiira ndi epuloni yoyera, dzanja lagwira mpando. Pampandopo pagona kagalu koyera, mutu katsamiritsa, maso ake onyowa akuyang'ana ife.

Ndiye yang'anani m'chiuno ndi pachifuwa pake. Pakulendewera tinthu: kabelu, kampira ka zonunkhira koteteza ku matenda, ndi zina zothamangitsira diso loipa. Abale, izi ndi mphinjiri. Ndi zithumwa zomwe zija agogo ankamangirira makanda m'chiuno ndi m'khosi, zimene ena amatiseka nazo kuti ndi zachikale. Mfumu imene inkalamulira kuyambira ku Naples mpaka ku Peru, yokhala ndi madokotala ndi ansembe osawerengeka, inamangirira mwana wake tizithumwa chifukwa inali ndi mantha. Ndipo mantha ake anali ndi chifukwa. M'nthawi imeneyo pafupifupi theka la ana obadwa ku Ulaya ankafa asanakule, ndipo imfa sinkayang'ana kuti uyu ndi wa kunyumba yachifumu. Mwa ana onse amene mkazi woyamba wa Philip anabereka, awiri okha ndi amene anapyola ukhanda. Kukwatirana pachibale kuja nakonso kunkawonjezera mavuto.

Felipe Próspero ankadwaladwala, ankakomoka. Anamwalira pa 1 November 1661, asanakwanitse zaka zinayi. Patangopita masiku asanu mayi ake anabereka mwana wina wamwamuna, Carlos, amene anadzakhala Carlos II. Ameneyu anakula ndi matenda ambiri, n'kufa mu 1700 wopanda mwana. Nthambi ya Habsburg ya ku Spain inathera pomwepo, ndipo mayiko a ku Ulaya anamenyana nkhondo yolimbirana mpandowo kuyambira 1701 mpaka 1714.

Mwana winayo, wopanda dzina

Pali ana ena m'zithunzi zimenezi amene ine, ngati munthu wakuda, sindingawadumphe. Ku National Portrait Gallery ku London kuli chithunzi cha 1682 chojambulidwa ndi Pierre Mignard, cha Louise de Kéroualle, chibwenzi cha Charles II, mnyamata wa galu uja atakula. Mayiyo wavala zonyezimira, wakhala mwachifatse. Pambali pake pali mwana wachiafirika, wovala bwino, mkanda wa ngale m'khosi, akumupatsa chigoba chodzaza ngale ndi kanthambi kofiira ka korali wa m'nyanja. Mwanayo akuyang'ana mayiyo m'mwamba, mayiyo akuyang'ana ife.

Dzina la mayiyo tikulidziwa, udindo wake, tsiku lobadwa, zonse. La mwanayo silinalembedwe. Anaikidwa pamenepo pa chifukwa chomwecho chimene anaikira ngale: kusonyeza chuma chochokera kutsidya la nyanja, ndi kuti khungu la mayiyo lioneke loyera kwambiri. Inali nthawi imene malonda a akapolo ankakula, ndipo mabanja olemera a ku London, Amsterdam ndi Paris ankakonda kukhala ndi mwana wakuda wowatumikira. Zithunzi zamtunduwu zilipo zambiri.

Ndikamamvera chisoni Margarita, ndimadzikumbutsa kuti chisoni chili ndi misinkhu. Onse awiri anagwiritsidwa ntchito ngati zizindikiro za ulemerero wa akuluakulu. Koma wina ankamugwadira pomupatsa madzi, dzina lake lili m'mabuku. Winayo anachotsedwa kwawo, kapena makolo ake anachotsedwa, ndipo chimene chatsala cha iye ndi nkhope yokha.

Kodi ankawakonda ana awo?

Mu 1960 katswiri wa mbiri yakale wa ku France, Philippe Ariès, anatulutsa buku lonena kuti kale ku Ulaya anthu sankaona ubwana ngati gawo lapadera la moyo, ndipo umodzi mwa maumboni ake unali zithunzi zimene ana amaoneka ngati akuluakulu aang'ono. Bukulo linatchuka kwambiri. Pambuyo pake akatswiri ena, monga Linda Pollock mu 1983, anawerenga makalata ndi zolemba za makolo akale n'kupeza kuti ankakonda ana awo, ankada nkhawa akadwala, ankalira akamwalira.

Ine ndili mbali ya otsutsawo, ndipo chifukwa changa ndi suti yakuda ija. Wina atapeza chithunzi changa zaka 300 zikubwerazi, angaganize kuti ana a ku Malawi ankavala tayi tsiku ndi tsiku, sankaseka, ndipo ankakhala m'nyumba zosanja. Chonsecho titangotuluka mu situdiyo mayi anandivula sutiyo kuti ibwerere kwa mwini wake isanade, ine n'kuthamangira ku mpira wachikulunga. Chithunzi chojambulitsa mwadala chimanena zimene banja likufuna kuti anthu amve. Moyo wa mwanayo umangosuzumira m'mbali, monga pa kabelu ka Felipe Próspero kapena phazi la Nicolasito pamsana pa galu.

M'zaka za m'ma 1700 kalembedwe ka kalatayo kanasintha. Jean-Jacques Rousseau atatulutsa Émile mu 1762, anthu olemera anayamba kufuna kuti ana awo azioneka achibadwa, opanda nsapato, ali panja, monga amawajambulira Joshua Reynolds ku England. Koma musanamizidwe, uwunso unali uthenga wokonzedwa. Mu 1787 Élisabeth Vigée Le Brun anajambula Marie Antoinette, mfumukazi ya France imene anthu ankadana nayo, atazunguliridwa ndi ana ake, cholinga chili choti aoneke ngati mayi wachikondi. Mwana wamwamuna wamkulu akuloza kabedi ka khanda kopanda kanthu, pakuti mlongo wake Sophie anamwalira chaka chomwecho. Wolozayo anamwalira mu 1789. Wamng'ono amene ali pamiyendo pa mayi ake anafera m'ndende mu 1795, ali ndi zaka 10. Ana ankatumidwabe kukayankhulira akuluakulu.

Mathero a Margarita

Velázquez anamwalira mu 1660, Philip IV mu 1665. Mkamwini wa Velázquez, Juan Bautista Martínez del Mazo, anajambula Margarita atavala zakuda za maliro a bambo ake, ndipo mu 1666 mtsikanayo ananyamuka ku Madrid, osadzabwereranso. Ulendo unatenga miyezi yambiri, pamtunda ndi panyanja. Ukwati unachitikira ku Vienna mu December chaka chomwecho, iye ali ndi zaka 15, Leopold 26. Olemba mbiri amati ankagwirizana ndithu, onse ankakonda nyimbo ndi zisudzo, ndipo amati ngakhale ali m'banja ankamutchulabe mwamuna wake kuti amalume.

Ntchito imene anamutumira anaigwira. M'zaka zisanu ndi chimodzi anabereka ana anayi. Mmodzi yekha, Maria Antonia, ndi amene anakula. Margarita anamwalira pa 12 March 1673, ali ndi pakati penanso, ali ndi zaka 21. Chaka chomwecho chisanathe Leopold anakwatira mkazi wina, chifukwa mpando unali usanapeze mwana wamwamuna.

Ambiri mwa inu owerenga muli ndi zaka zoposa zimene iye anakhala nazo. Mukapeza bandulo, sakani chithunzi cha diresi labuluu, muchikulitse ndi zala mpaka nsalu yonse ituluke pa sikirini, patsale nkhope yokha. Ine ndinatero usiku uja, ndipo ndinakhala nayo nthawi ndithu.

M'mawa mwake ndinawaimbira foni mayi kuwafunsa za suti ija. Anaseka kwambiri. Akuti inali ya mwana wa aphunzitsi oyandikana nafe, ndipo anandilonjeza botolo la Fanta kuti ndiime osagwedezeka. Ndinawafunsa ngati anandigulira. Akuti iwo sakukumbukira, koma bambo atalandira chithunzicho anachiika m'chikwama cha m'thumba, n'kudzabwera nacho kunyumba chitapindika pakati.